Malungo amene sanamve LA: lipoti la mwana wa salmonella m'magazi ndi nkhuku zofa pakhomo lina ku Mangochi

Lipoti ili ndi la mwana wamkazi wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi amene tinamugoneka m'wodi ya ana pa chipatala chimene ndimagwirapo ntchito m'boma la Mangochi, komanso la zimene tinakapeza kwa makolo ake titapitako pamodzi ndi mlangizi wa ziweto. Ndalilemba chifukwa pakhomo limodzi panagwa mavuto atatu m'milungu itatu yokha, onse okhudza dzina limodzi la salmonella, ndipo ineyo ndinatsala pang'ono kuwamanga mtolo umodzi pamene anali osiyana. Mayina a banjali ndi a mudzi wawo ndawasiya dala.

Mmene mwana anafikira

Mwanayu anabwera naye mayi ake ndi agogo ake aakazi chakumapeto kwa Novembala, nyengo imene dzuwa la kunyanja kuno limawamba mvula isanakhazikike. Banjali limakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndipo bambo wa mwanayu ndi msodzi amene amawetanso nkhuku zachikuda, abakha ndi mbuzi zingapo. Malinga ndi mayi, thupi linayamba kutentha masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo. Masiku awiri oyambirira mwana anatsekula m'mimba pang'ono, chimbudzi chamadzi chopanda magazi, kenako kutsekulako kunaleka kokha. Pa tsiku lachiwiri anapita naye kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, kumene anamuyeza magazi a pachala, napezeka ndi malungo, napatsidwa LA monga mmene ndondomeko imanenera. Anamwa mankhwalawo kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu osasanza, koma thupi silinazizire. Agogo ndiwo anafunsa funso limene linali mumtima mwa tonsefe: "Adokotala, mwanayu wamaliza LA yense, nanga thupi likuotcheranji?"

Nditamuyeza ndinapeza kutentha kwa thupi kuli pa 39.4, mtima ukugunda ka 156 pa miniti imodzi, akupuma ka 48, koma m'chifuwa simunkamveka phokoso la chibayo. Zikhatho ndi m'zikope munali mbee. Kapamba anali wotupa mpaka kugwirika kunsi kwa nthiti za kumanzere. Khosi silinali louma, ndipo ngakhale anali wofooka kwambiri, ankazindikira mayi ake ndi kulandira madzi pa supuni. Ankalemera makilogalamu 9.2, tepi ya pamkono inaima pa masentimita 12.0, pamalo achikasu, ndipo kabuku kake ka kusikelo kanasonyeza kuti sikelo inali itaima kwa miyezi inayi komanso kuti chaka chomwecho anali atadwala kale malungo kawiri. Mlingo wa magazi unali wotsika kwambiri, pa 4.8. Mayi ndi mwana onse anayezedwa HIV ndipo sanapezeke nako kachilomboka.

Kachipangizo koyezera malungo pachala kanasonyezanso mizere iwiri, koma pamenepa ndi pamene ambirife timapunthwa. Kachipangizoka kamagwira zotsalira za tizilombo ta malungo, ndipo zotsalirazo zimakhalabe m'magazi kwa milungu ingapo tizilomboto titafa kale. Mizere iwiri mwa mwana amene wangomaliza LA sikutanthauza kuti mankhwala alephera. Tinamubaya jakisoni woyamba wa artesunate, mankhwala a malungo aakulu, podikira zotsatira za maikulosikopu, chifukwa mwana wochepa magazi chotere sitimuyesera mwayi, koma magalasi awiri opakidwa magazi otengedwa nthawi zosiyana sanaonetse kachilombo ka malungo ngakhale kamodzi. LA anali atagwira ntchito yake. Chimene chinkaotcha thupi chinali china.

Tisanapereke mankhwala opha bakiteriya tinatenga magazi m'botolo lomeretsera tizilombo ndi kulitumiza ku labotale imene ili ndi zipangizo zake. Dongosololi ndi lofunika, chifukwa jakisoni mmodzi yekha akalowa magazi asanatengedwe, botolo limatha kubwera lopanda kanthu pamene matenda alipo. Kenako tinayamba ceftriaxone wa mumtsempha, 80 mg pa kilogalamu iliyonse kamodzi patsiku, ndipo usiku womwewo tinamuwonjezera magazi, 20 ml pa kilogalamu iliyonse, poona kuti kupuma kwake kunali kobanika. Tinayezanso mkodzo kufuna mazira a likodzo. Ena angaone ngati kumeneku ndi kusochera, koma kwa mwana wa kunyanja sikusochera, chifukwa salmonella amatha kumatirira pa nyongolotsi za likodzo m'mitsempha n'kumabisala kumeneko, moti thupi limatenthanso mankhwala akangotha, ndipo ana a kuno amayamba kusambitsidwa m'nyanja asanayambe n'kuyenda komwe. Mazira sanapezeke. Matenda a sickle cell, amene amatsegulira salmonella njira ya kumafupa, sanapezekenso.

Thupi linayamba kuzizira pa tsiku lachinayi, ndipo pa tsiku lachisanu zotsatira zinafika: m'botolo munamera Salmonella Typhimurium, wosamva ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole amene anthu amamudziwa kuti bactrim, koma womva ceftriaxone ndi ciprofloxacin. Tinapitiriza jakisoni mpaka masiku asanu ndi awiri, kenako ciprofloxacin wakumwa kuti masiku onse akwane 14.

Chifukwa chake tinaganizira salmonella zotsatira zisanabwere

Salmonella si kachilombo kamodzi. Pali mitundu yoposa 2,500, ndipo mitunduyi ili ndi makhalidwe osiyana kwambiri. Typhi, amene amayambitsa taifodi, amakhala mwa anthu okha. Gallinarum ndi Pullorum ndi a nkhuku, Dublin amakonda ng'ombe, Choleraesuis amakonda nkhumba. Typhimurium ndi Enteritidis sasankha: amapezeka mwa anthu, mbalame, makoswe ndi ziweto zambiri, ndipo m'mayiko ambiri amadziwika ngati matenda a chakudya, otsekula m'mimba kwa masiku awiri mpaka asanu ndi awiri n'kutha okha.

Kuno kwathu nkhani yake ndi ina. Kuyambira 1998, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pamodzi ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akumeretsa magazi a odwala otentha thupi, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inatitsegula maso kuti salmonella wosakhala wa taifodi ndi mmodzi mwa bakiteriya opezeka kwambiri m'magazi a ana aang'ono ndi a akuluakulu amene ali ndi HIV. Mu 2009 akatswiri anafotokoza mtundu wa Typhimurium wotchedwa ST313, wopezeka ku Malawi ndi ku Kenya, umene umalowa m'magazi mosavuta ndipo sumva mankhwala atatu omwe aja amene labotale inatiuza. Wodwala sabwera ndi kutsekula m'mimba koopsa ayi. Amabwera ndi kutentha thupi, kuchepa magazi, kapamba wotupa ndi kupuma mofulumira, zizindikiro zimene aliyense wa ife amazitcha malungo kapena chibayo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu alionse amamwalira.

Mwana wathuyu anali ndi zitseko zitatu zotsegula. Malungo akamaswa maselo ofiira a magazi, zotuluka m'maselowo zimafooketsa asilikali a m'thupi amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kupha bakiteriya, choncho mwana amene wangodwala kumene malungo amakhala pachiopsezo ngakhale malungowo atachira. Kuchepa kwa magazi ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi zimaonjezera pomwepo, chifukwa matumbo a mwana wonyentchera salimba mokwanira kutsekereza tizilombo kuti tisadutse kupita m'magazi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuuza anzanga atsopano pantchito kuti mwana amene wakwanitsa masiku awiri kapena atatu akumwa LA thupi likadali moto, makamaka ngati zikhatho zayera, asapatsidwe LA wina n'kubwezedwa kunyumba. Sindikhulupiriranso kuyeza kwa Widal, kuyeza magazi kofufuza taifodi, pa nkhani ngati iyi, chifukwa kumanamiza kawirikawiri ndipo sikunena kuti kachilombo kamva mankhwala ati.

Mayi anatikumbutsa kuti mwana wawo analandira katemera wa taifodi, ndipo kabuku kanawachitira umboni. Katemerayu anayesedwa kwa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo mu Meyi 2023 boma linamupereka m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Ndi katemera wabwino, woteteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse, koma amateteza ku Typhi basi. Ndinatenga nthawi kuwafotokozera mayiwo zimenezi, chifukwa sindinafune kuti abwerere kumudzi n'kumakauza anzawo pamjigo kuti katemera sagwira ntchito.

Zimene tinapeza pakhomo

Pa tsiku lachiwiri m'wodi, namwino akucheza ndi agogo, zinatulukira kuti pakhomopo nkhuku zinali zikufa kwa milungu itatu, ndipo kuti milungu iwiri mwana asanadwale, bambo, agogo ndi mchimwene wa mwanayu wa zaka zisanu ndi zinayi anatsekula m'mimba ndi kusanza usiku umodzi womwewo. Banjalo linachita mantha kuti ndi kolera, ndipo mantha amenewa ndi omveka kwa aliyense amene anali ku Mangochi mu 2022 ndi 2023, pamene mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unavuta kwambiri m'boma lino. Anamwa Thanzi ORS ndipo onse atatu anachira m'masiku anayi. Zotsatira za magazi zitafika, ine ndinaona ngati nkhani yatha: nkhuku zafa, anthu adya, mwana watenga. Ndinapempha mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi mlangizi wa ziweto kuti tipitire limodzi kukatsimikiza zimene ndinali nditaziweruza kale mumtima.

Pakhomopo panali paukhondo monga mmene makomo ambiri a m'mudzi amakhalira, posesedwa bwino, thandala la mbale lilipo. Komabe nkhuku zinkagona m'khitchini kuopa akuba ndi afisi, anapiye ali m'dengu pafupi ndi mafuwa, ndipo zitosi zinali paliponse pamene mwana wokwawa kapena woyenda dededede angaike dzanja. Abakha ankamwa m'beseni lotsukira mbale. Chimbudzi chinalibe chivindikiro, mpondagiya anali wouma wopanda sopo kapena phulusa, ndipo chimbudzi cha mwana chinkatayidwa kuseri kwa nyumba pokhulupirira kuti cha mwana sichidwalitsa. Neti inalipo imodzi, yong'ambika, ndipo ina inali itasanduka mpanda wa mbewu za kudimba.

Mwa nkhuku 31 zimene bambo anali nazo, 19 zinali zitafa, ndipo imfa zinayamba patatha pafupifupi mlungu umodzi atagula misoti inayi pamsika n'kuisakaniza ndi zinzake tsiku lomwelo. Bambo ankati ndi chitopa. Mlangizi wa ziweto anakana, chifukwa panalibe nkhuku yopotoka khosi kapena yolira mokoka mpweya, komanso nkhukuzo zinali zitalandira katemera wa chitopa wa m'maso miyezi iwiri yapitayo. Zimene iye anaona ndi nkhuku zazikulu zoima zitanyowa mapiko, pamutu pamene pamayenera kufiira patayera, zikutsekula zitosi zachikasu zobiriwira, ndi anapiye ounjikana pamodzi zitosi zoyera zitawamata kumbuyo. Anatumbula thadzi limene linafa m'mawa womwewo, atavala magolovesi, ndipo anationetsa chiwindi chotupa, chofewa, cha mtundu wonga mkuwa wakale, ndi kapamba wamkulu kuposa mmene amayenera kukhalira. Ananena pomwepo kuti akuganiza taifodi ya nkhuku, ndipo zidutswa zimene anatumiza ku labotale ya ziweto zinabwera ndi dzina la Salmonella Gallinarum.

Bambo anafunsa mawu akunjenjemera: "Alangizi, ndiye kuti nkhuku zangazi ndi zimene zafuna kundiphera mwana?" Yankho loona linali lakuti ayi. Gallinarum anazolowera thupi la nkhuku mwakuti kudwalitsa munthu si kwake, ndipo kachilombo kamene kanamera m'magazi a mwana kanali ka mtundu wina. Apa ndi pamene ndinabweza maganizo anga. Nkoyenera kuti wondiwongola anali munthu wa ziweto, pakuti dzina lenilenilo la salmonella linachokera kwa Daniel Salmon, dokotala wa ziweto wa ku America, ndipo mtundu wina wa kachilomboka unapezeka mu 1885 m'nkhumba zodwala, mu labotale yake, ndi womuthandiza wake Theobald Smith.

Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2022 amagwirizana ndi zimene tinaona. Ofufuza anapita m'makomo a odwala amene anapezeka ndi salmonella m'magazi, nayeza chimbudzi cha achibale, zitosi ndi ndowe za ziweto, madzi ndi dothi. M'ziweto ndi pabwalo anapeza mitundu yambiri ya salmonella, koma mtundu wofanana ndi wa m'magazi a wodwala unapezeka mwa anthu a m'nyumba, osati mwa ziweto. Kuweruza kwanga tsono n'kwakuti mwanayu anatenga kachilomboka kwa munthu, kudzera m'manja, m'madzi akumwa kapena m'phala, ndipo malungo ndi njala ndizo zinakalowetsa m'magazi.

Vuto la anthu atatu aja ndi nkhani yachitatu, ndipo m'menemo nyama ili ndi mlandu. Agogo anafotokoza kuti thadzi lina litayamba kuodzera analizinga msanga lisanafe lokha. Mchitidwe umenewu uli paliponse kuno, kwa Asilamu amene chipembedzo sichiwalola kudya nyama yofa yokha ngakhalenso kwa Akhristu, ndipo sindiufulumirira kuudzudzula, chifukwa nkhuku ndi banki ya banja losauka: ndiyo sopo, ndiyo yunifomu, ndiyo thiransipoti yopitira kuchipatala. Nyamayo inadulidwa pa thabwa lomwelo limene anadulirapo tomato wa kachumbali wosaphika, inaphikidwa masana, ndipo yotsala inagona mumphika m'kutentha kwa Novembala n'kudyedwa m'mawa ndi mkute osaitenthetsanso. Atatuwo anadwala usiku wotsatira. Nthawi imeneyi ikugwirizana ndi salmonella wa m'chakudya, amene amayamba pakati pa maola 6 ndi 72 munthu atadya. Nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, imatha kusunga Typhimurium kapena Enteritidis m'matumbo, ndipo Enteritidis amalowa mpaka m'kati mwa dzira chigoba chisanaumbike. Moto wokwanira umapha tizilomboti, koma thabwa, mpeni ndi manja zimatibwezera m'chakudya chopsa kale, ndipo pa kutentha kwa kunyanja kuno timaswana mofulumira kwambiri. Chimbudzi cha atatuwa sitinachiyeze chifukwa anali atachira kalekale pamene tinamva nkhaniyi. Mwanayo sanadye nawo nyamayo.

Chimene chinandidetsa nkhawa koposa zonse ndinachipeza pawindo la khitchini: timapepala topanda kanthu ta makapisozi ndi ta bactrim. Bambo ankagula mankhwalawa m'golosale n'kumawasungunula m'madzi a nkhuku, ndipo mayi anavomera kuti theka la piritsi la bactrim anamupatsanso mwana tsiku loyamba la kutentha thupi. Sanachite izi mwa mphwayi koma mwa chikondi ndi kusowa pogwira. Komabe mankhwala operekedwa mongoyerekeza chonchi sachiritsa taifodi ya nkhuku. Amangochepetsa imfa kwa kanthawi, nkhuku zopulumuka n'kutsala zikusunga kachilombo, pamene bakiteriya ena onse a m'matumbo a nkhuku ndi a anthu akuphunzira kupirira. Mankhwala atatu aja amene akulu athu pantchito ankadalira anatha mphamvu pa salmonella wa m'magazi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mitundu yosamva ceftriaxone inapezekapo kale ku Malawi kuno. Tikadzataya ceftriaxone, mwana ngati uyu tidzamuyang'ana ndi maso okha.

Zimene tinagwirizana ndi banja

Mlangizi wa ziweto analangiza kuti nkhuku zofa zikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena zitenthedwe, chifukwa agalu akamakoka mitembo amafalitsa matendawa m'makomo oyandikana. Nkhuku zodwala zinayenera kuphedwa ndi kukwiriridwa, osadyedwa ndiponso osagulitsidwa. Mawu ovuta kwambiri kwa bambo anali okhudza nkhuku 12 zotsala. Nkhuku yopulumuka ku Gallinarum imatha kusunga kachilomboka moyo wake wonse n'kumakapatsira anapiye kudzera m'mazira, choncho mazira ake sayenera kufungatiridwa, ndipo njira yokhayo yoyeretsera khola ndi kuzichotsa zonse n'kuyambiranso. Anakambirana nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango, bambo akuwerengera pa zala ndalama zimene zapita, mpaka anagwirizana kuti makapisozi alekeke tsiku lomwelo, zodwala zitatu ziphedwe, ndipo zooneka zathanzi zitsekeredwe pazokha kufikira mankhwala atatha m'thupi mwawo, kenako zidyedwe pakhomo pomwepo zitaphikidwa mpaka nyama ya pafupa isaonetse kufiira. Anauzidwanso kuti nkhuku yogula pamsika izikhala payokha milungu iwiri kapena itatu isanasakanizidwe ndi zinzake.

Ife a zaumoyo tinalimbikira mbali ya mwana. Tinapempha kuti nkhuku zituluke m'khitchini zikhale ndi khola lawo la m'mwamba, chimbudzi cha mwana chizitayidwa m'chimbudzi, mpondagiya akhale ndi madzi ndi sopo kapena phulusa, madzi akumwa azithiridwa WaterGuard ndi kusungidwa m'ndowa yovindikira, ndipo mkute uzitenthetsedwa mpaka utuluke nthunzi. Koposa izi, banjalo linalandira neti yatsopano ndipo mwana analembedwa pa ndondomeko ya zakudya zoonjezera. Ndinawauza makolowo mosabisa kuti pa zonse zimene tanenazi, neti ndi phala la mwana ndizo zili patsogolo, chifukwa salmonella sangathe pakhomo la m'mudzi, koma mwana wopanda malungo ndi wonenepa bwino akamumeza kawirikawiri amangotsekula m'mimba masiku ochepa n'kuchira.

Mwana anatuluka m'chipatala pa tsiku lachisanu ndi chitatu, thupi litazizira kwa masiku atatu otsatizana, akudya phala ndi nsima yofewa, mlingo wa magazi uli pa 8.1. Mankhwala oonjezera magazi tinawachedwetsa mpaka atamaliza ciprofloxacin, chifukwa ayironi amalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi komanso amadyetsa bakiteriya matenda akadali m'kati. Mayi anauzidwa kuti thupi likangotenthanso, kapena mwana akayamba kukana kuponda mwendo kapena kutupa pafupa, abwere naye tsiku lomwelo osadikira la sikelo, pakuti salmonella wa m'magazi amadziwika ndi kubwereranso.

Anabweranso patatha milungu iwiri, kenako patatha milungu isanu ndi umodzi. Pa ulendo wachiwiriwu ankalemera makilogalamu 10.3, tepi ya pamkono inafika pa masentimita 13.1, mlingo wa magazi unali pa 10.2, ndipo kapamba sankagwirikanso. Mlangizi wa zaumoyo anatumiza uthenga wakuti khola la m'mwamba lamangidwa kuseri kwa nkhokwe ndipo likhala lopanda nkhuku mpaka mvula itatha. Makomo ena awiri oyandikana nawo anayambanso kutaya nkhuku mwezi womwewo, ndipo mlangizi wa ziweto, mothandizidwa ndi a mfumu, akuyendera makomo amenewo.